Agapanthus wanga wasiya kuchita maluwa titamudula: tinalakwitsa pati?

Funso: Ndili ndi mzere wa agapanthus, maluwa aja a masamba aatali ndi mitu ya timaluwa ta buluu, m'mbali mwa njira yolowera kunyumba kwathu kuno ku Zomba. Anabzala ndi malemu apongozi anga zaka zoposa 10 zapitazo, ndipo kale Khirisimasi inkatipeza pabwalo pali buluu yekhayekha. Zaka zitatu zapitazi maluwa akhala akuchepa. Mu Meyi chaka chatha, bambo amene amatithandiza ntchito za panja anamweta masamba onse ndi chikwanje kuti aphuke atsopano, ngati mmene timachitira ndi marozi. Masamba anaphukadi, koma Disembala wathayu patuluka mapesi anayi okha pa mzere wonse. Tinathirako ndi yureya wotsala kumunda. Kodi amadulidwa liti, ndipo motani?

Yankho: Mayi, poyamba ndikupempheni kuti bambowo musawakalipire. Anachita zimene dzanja lawo linazolowera. Rozi mukamudula amaphuka ndi ukali, bugenivila chimodzimodzi, kapinga ndiye osanena. Kungoti agapanthus sali m'gulu limenelo. Alibe nthambi yoti mukaidula ibale nthambi zina ziwiri. Chuma chake chili pansi: tsinde lonenepa logona m'nthaka ngati la jinja, mizu yoyera yaikulu ngati zala za munthu, ndipo pamwamba pa tsindelo ndi pamene pamatuluka masamba moyang'anizana, lina uku lina uku. Masambawo ndiwo amaphika chakudya ndi dzuwa, tsinde la pansilo ndiye nkhokwe. Tsono mukamweta masamba obiriwira, chomera chimatapa m'nkhokwe kuti chivalenso. N'chifukwa chake masamba anabwerera bwinobwino mpaka inu n'kuona ngati zatheka, koma itafika nthawi ya maluwa nkhokwe inali itapepuka kale.

Chinanso chimene chinakupwetekani ndi mwezi umene chikwanjecho chinadutsa. Duwa limene mumaliona mu Disembala siliyamba mu Novembala ayi. Limayamba kuumbika miyezi yambiri m'mbuyo, mkatikati mwa phata momwe diso silifika, kuyambira pamene maluwa akale atha mpaka m'miyezi yozizira. Usiku wozizira wa mu Juni ndi Julaye umathandiza ntchito imeneyi, ndipo ichi ndicho chifukwa china chimene agapanthus amakondwera ku Zomba, Thyolo, Mulanje, Dedza ndi Mzuzu, pomwe kumalo otentha ngati kuchigwa cha Shire amangobiriwira masamba, maluwa n'kumatuluka mwa apo ndi apo. Kumumweta mu Meyi kunali ngati kulanda mbale m'manja mwa mayi woyembekezera.

Malangizo ambiri amene anthu amawerenga pa intaneti amasokoneza pa chinthu chimodzi, ndipo n'kutheka kuti bambowo anamva zoterozo kwa anzawo. Agapanthus alipo wa magulu awiri. Kwawo kwenikweni ndi kum'mwera kwa Africa kuno, ku South Africa, Lesotho, Eswatini ndi mbali ina ya Mozambique. Azungu ena amamutcha kakombo wa ku Nile, koma ku Nile si kwawo, ndipo si kakombo n'komwe. Dzina lakuti agapanthus analipereka ndi katswiri wa zomera wa ku France, L'Héritier, mu 1788, polumikiza mawu awiri a Chigiriki otanthauza chikondi ndi duwa. Gulu loyamba ndi la amene sagwetsa masamba chaka chonse, monga Agapanthus praecox wa ku Eastern Cape, amene ali ndi masamba otambalala, okhuthala, ndi phesi lofika mita imodzi kapena kupitirira. Gulu lachiwiri ndi la m'mapiri a Drakensberg ndi Mpumalanga, monga Agapanthus campanulatus ndi Agapanthus inapertus, kumene nthawi yozizira kumauma ndipo kumagwa chisanu. Awa ikafika nyengo imeneyo masamba awo amachita chikasu, n'kuuma onse, chomera n'kugona pansi mpaka kutenthe. Amenewa ndi amene munthu angawamwete mpaka pansi, koma nawonso amayenera kudikiridwa kuti masamba aume okha, chakudya chitatsikira kutsinde.

Kudziwa gulu la wanu n'kosavuta: mumuyang'ane mu Julaye. Akakhala wobiriwira ndiye kuti ndi wa gulu loyamba. Pafupifupi onse amene ndawaona m'mabwalo a nyumba, m'mishoni ndi m'minda ya tiyi kuno kwathu ndi praecox kapena ana ake, ndipo poti wanu anali ndi masamba oti n'kumwetedwa mu Meyi, sindikukayika kuti ndi yemweyo. Kwa ameneyu lamulo langa ndi limodzi: tsamba lobiriwira silikhudzidwa ndi chitsulo.

Nanga chodula n'chiyani? Choyamba ndi phesi limene lamaliza ntchito. Mutu umodzi umakhala ndi timaluwa tambirimbiri, ndipo sitimasula tsiku limodzi. Timayamba ta m'mbali, ta pakati n'kumatsatira, mwakuti mutu umodzi umakongola kwa milungu ingapo. Timaluwa tomaliza tikayamba kuyoyoka, mudzaona timakoko tobiriwira ta ngodya zitatu tikulendewera ndipo tikufufuma. Imeneyo ndiyo nthawi yake. Gwirani phesilo, mulitsatire ndi dzanja kutsika pakati pa masamba mpaka mufike patsinde, ndipo mulidule ndi sizasi ya maluwa kapena mpeni wakuthwa, kusiya kachitsa ka masentimita 3 mpaka 5. Anthu ambiri amangodula mutu wokha, n'kusiya ndodo zitaimaima ngati zikhomo za pamalire. Ndodo zimenezo sizibalanso kanthu, zimangoipitsa mzere. Phesi likadali lobiriwira musalizule ndi mphamvu, chifukwa limatha kung'amba mtima wa chomera, madzi a mvula n'kulowa pabalapo. Likauma n'kuchita khofi, ndiye limasololoka lokha mukalipotoza pang'ono.

Ndisakunamizeni, kudula phesi sikuchititsa kuti pamalo pomwepo patuluke duwa lina chaka chomwecho monga achitira rozi. Phesi lililonse limachita maluwa kamodzi basi. Phindu lake lili kutsogolo. Kukhwimitsa njere kumadya chakudya chambiri, ndipo chakudya chimenecho ndi chomwe chikanapita kukaumba duwa la chaka chamawa. Komanso njerezo zikagwa zimamera pakati pa mzere, timbewu tatsopano n'kumalimbirana malo ndi makolo awo, ndipo ana a njere kawirikawiri safanana ndi kholo. Munthu amadabwa kuti maluwa ake oyera aja kapena a buluu wakuda aja asanduka bwanji buluu wotuwa, osadziwa kuti ndi zidzukulu zimene zalanda malo. Ku New Zealand ndi madera ena a Australia agapanthus anathawa m'mabwalo mwa njira yomweyi n'kusanduka udzu wovutitsa m'mphepete mwa misewu ndi m'tchire, mpaka mzinda wa Auckland ku New Zealand unaletsa kugulitsa mitundu yake ikuluikulu. Inu amene muli m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi timitsinje, mitu ya njere ndi zitsa zotsala musakazitaye kukhwawa.

Ngati mumakonda kukongoletsa m'nyumba kapena kutchalitchi, dulani mapesi ena akadali pachimake. Chitani m'mawa kusanatenthe, pamene gawo limodzi mwa magawo atatu a timaluwa tamasula, ndipo muwaike m'madzi nthawi yomweyo. Amakhala sabata yathunthu, otsalawo akumasula pang'onopang'ono m'vazi momwemo. Chomera sichidandaula nazo.

Chachiwiri ndi masamba akufa. Agapanthus wa gulu lanu amasintha zovala pang'onopang'ono, masamba atsopano akutuluka pakati, akale a kunja akuchita chikasu n'kugona pansi. Izi si matenda. Dikirani tsamba lichite chikasu lonse kapena liume, kenako mulikoke ndi dzanja chakumbali, limathothoka lokha. Ine ndimachita zimenezi kawiri pachaka, mvula ikatha mu Epulo ndiponso mu Okutobala isanagwe. Yambani mwagwedeza phata ndi ndodo, chifukwa pansi pa masamba amenewa m'pozizira ndipo njoka ndi achule zimakonda kubisalapo. Valani magolovesi ndi malaya a manja aatali. Tsamba kapena muzu ukaduka umatuluka madzi oterera ngati therere, ndipo madziwa amayabwa. Tsiku lina ndinagawa mapata tsiku lonse nditapinda malaya, pofika madzulo mikono inali itachita zidzolo zofiira mpaka m'zigongono, yoyabwa usiku wonse. Akalowa m'kamwa amatupitsa ndi kuchititsa zilonda, choncho ana aang'ono asamaseweretse mizu imene mwakumba. Ku South Africa asing'anga a Chixhosa ndi Chizulu akhala akugwiritsa ntchito mizu yake pa mankhwala a amayi apakati, koma chimenechi si chinthu choyesera pakhomo, chifukwa chimagwedeza chiberekero.

Mu Okutobala dzuwa likapsa, nsonga za masamba zimatha kuwauka. Ngati zikukunyansani, dulani kansonga kowumako kokha mopendeketsa, tsamba lonse mulisiye. Chitsulo chimene mukudulira muzichipukuta ndi sipiriti mukamachoka pa phata lina kupita pa lina, makamaka ngati mwaona masamba a mizeremizere yachikasu, chifukwa matenda a vairasi amayenda pa mpeni.

Kudula kwa agapanthus kumathera pomwepa. Koma inu mwanena chinthu chimene sindikufuna chindidutse: maluwa anayamba kuchepa zaka zitatu zapitazo, chikwanje chisanabwere. Ndiye kuti chikwanje chinangomalizitsa vuto limene linalipo kale, ndipo ndikuganiza kuti vutolo ndi kupanikizana.

Pitani mukagwade pa mzerewo, mukankhe masamba ndi kuyang'ana patsinde. Ndikukhulupirira kuti mupeza phata litakwera pamwamba pa nthaka ngati chulu chaching'ono, mizu ina ili poyera, ndipo mukayesa kulowetsa chala simupeza polowera. Ndinakumbapo phata lotere pa nyumba ina yakale kumtunda kwa Zomba komweko, la zaka zoposa 12. Tinalizula anthu awiri ndi foloko, ndipo titalitembenuza munalibe dothi ngakhale lodzaza dzanja. Inali mizu yokhayokha yolukanalukana ngati dengu, pakati pake pali matsinde akale akuda, ofumbwa, opanda tsamba ndi limodzi. Mvula ikagwa pa phata lotero madzi amangotsetsereka m'mbali, feteleza naye salowa. Chomera chimakhala ndi moyo, koma chilibe chotsala choti n'kuberekera.

Pali mawu amene alimi a maluwa amakonda kunena, akuti agapanthus amachita bwino akapanikizika. Muli choona m'menemo, koma chili ndi malire. N'zoona kuti sakonda kusunthidwasunthidwa, ndipo amene amamugawa chaka ndi chaka amangokolola masamba. Phata limafika pachimake chaka chachitatu ndi chachinayi. Likapitirira zaka 5 kapena 6 osagawidwa limayamba kubwerera m'mbuyo. Lanu ladutsa zaka 10. Ntchito imene likufuna ndi kuligawa, ndipo imeneyi ndiyo ndingaitche kudulira kwenikweni kwa duwali.

Nthawi yabwino kuno kwathu ndi maluwa akangotha, kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, mvula ikadalipo yoti ikhazikitse mizu koma itayamba kuchepa mphamvu. Sankhani tsiku la mitambo, nthaka ili yonyowa koma osati matope. Kumbani mozungulira phata, kutalikira masentimita 20 kuchokera pamene pathera masamba, ndipo mulowetse foloko kapena khasu pansi n'kulitukula lonse. N'lolemera, musalimbane nalo nokha. Likatuluka ligonekeni chammbali, mugwedeze dothi kuti muone pamene matsinde alumikizana. Apa ndiye chikwanje cha bambo aja chipeze ntchito yake yoyenera. Chinoleni bwino, muchiike pakati pa magulu a masamba, n'kutema kamodzi mwamphamvu. Mudzamva kulira kwa khetche ngati mukudula chinangwa chachiwisi. Musachite mantha ndi mizu imene iduke, ndi yambiri ndipo imaphukanso.

Pogawa musaumire kuti mupeze mbewu zambiri. Chidutswa chilichonse chikhale ndi mitu ya masamba itatu kapena inayi ndi mizu yake yokwanira, kukula ngati mutu wa kabichi. Mukang'amba mutu umodziumodzi mudzadzaza bwalo lonse, inde, koma mudzadikira zaka ziwiri kapena zitatu musanaone duwa. Zapakati zakuda zija, zofewa kapena zonunkha, tayani. Mizu yaitali kwambiri ifupikitseni kuti ikwane m'dzenje osapindika. Ndipo apa pokha ndi pamene ndimalola kudula masamba obiriwira: achepetseni ndi theka, chifukwa mizu yovulala singathe kumwetsa masamba onse, ndipo mphepo ingagwedeze chomera chisanagwire. Kusiyana kwake ndi zimene zinachitika mu Meyi n'kwakuti apa mukudula theka lokha, kamodzi pa zaka zinayi kapena zisanu, pa chifukwa chooneka.

Bzalani tsiku lomwelo. Ngati zavuta, ikani zidutswazo pamthunzi mutazifunditsa chiguduli chonyowa, koma zisagone masiku. Nthaka ya pamene panali mzerewo yatopa, ndiye itipuleni mozama ngati kutalika kwa mpeni wa khasu kawiri, musakanize manyowa owola bwino kapena kompositi, ndowa imodzi pa mita iliyonse. Tsinde likhale pansi pang'ono chabe, pamene masamba ayambira pakhale pofanana ndi nthaka. Mukakwirira mozama mtima umawola, kapena chomera chimangokhala osachita maluwa. Siyani mpata wa masentimita 40 mpaka 50 pakati pa mbewu. Poyamba pazioneka patalipatali, koma pakutha zaka ziwiri mipata imatsekeka. Ngati dothi lanu ndi la makande losunga madzi, kwezani bedi ngati mzere wa mbatata ndipo muthiremo mchenga wa kumtsinje, chifukwa mizu yonenepayi imapirira chilala koma siipirira kukhala m'madzi.

Popeza maluwawa ndi chikumbutso cha apongozi anu, langizo langa n'lakuti musagawe mzere wonse chaka chimodzi. Agapanthus wogawidwa kumene nthawi zina amadumphitsa chaka osachita maluwa. Gawani phata limodzi, mudumphe limodzi, mugawe lotsatira, choncho mpaka kumapeto. Otsalawo mudzawagawe chaka chamawa. Mukatero Khirisimasi sidzakupezani pabwalo pali mbee, ndipo mbewu zotsala zidzakwana kugawirako azilamu anu.

Muyang'anenso kumwamba. Pa zaka 10 mtengo wa mango kapena wa mapeyala umene unali kamtengo pamene apongozi ankabzala ukhoza kukhala utaphimba njira yonse. Agapanthus amakhala ndi moyo pamthunzi, ndipo masamba ake amakongola kumene, aatali, obiriwira kwambiri, ogwa mofewa. Koma kuti achite maluwa amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa pa tsiku. Chizindikiro china ndi mapesi opendekera mbali imodzi ngati akusuzumira. Mukaona zimenezo, thenerani nthambi za mtengowo kapena musamutsire mbewu zina poyera pamene mukugawa. Ku Zomba angathe kukhala padzuwa tsiku lonse. Kumalo otentha ngati ku Salima kapena Mangochi ndi bwino apeze dzuwa la m'mawa, masana n'kukhala pamthunzi.

Tsopano za yureya. Feteleza ameneyu ndi nayitirojeni yekhayekha, magawo 46 pa 100, ndipo ntchito ya nayitirojeni ndi kukulitsa masamba. Pa chimanga ndi zomwe timafuna pobereketsa, koma pa agapanthus mumakhala mukumuuza kuti apitirize kuvala masamba, za maluwa aiwale. Chimene amafuna kwambiri ndi potashi, ndi fosifolasi pang'ono. Feteleza wa D kompaundi amene alimi a fodya amagwiritsa ntchito pokulitsa amamuyenera bwino kusiyana ndi wa chimanga. Dzanja limodzi pa mita iliyonse ya mzere ndi lokwanira, mumwaze m'mbali osati pamtima, kenako muthirire. Chitani kawiri pachaka: kumapeto kwa Seputembala pamene akudzuka, ndiponso maluwa akangotha, nthawi imene anthu ambiri amaiwala chifukwa chokongola chapita, chonsecho ndi pamene duwa lotsatira likuyambika. Ngati feteleza wavuta kupeza, phulusa la nkhuni lili ndi potashi. Thirani lochepa, dzanja limodzi pa phata kamodzi kapena kawiri pachaka, osati kukhuthulira mbaula yonse pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, chifukwa lochuluka limawononga nthaka. Zitosi za nkhuku zaziwisi zipeweni, zimawotcha mizu ndipo nazonso zimangokulitsa masamba.

Pa madzi, duwali limanamiza anthu chifukwa silifota msanga. Mizu yake imasunga madzi, ndiye limatha kudutsa chilimwe chonse osathiriridwa likadali chiimire. Koma kupulumuka ndi kubereka n'zosiyana. M'miyezi yozizira, kuthirira kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu n'kokwanira, ndipo kwanuko chiperoni chikagwa chimakuthandizani. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, thirirani kamodzi pa sabata, koma mothirira zenizeni kuti madzi alowe pansi, kusiyana ndi kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma kapena masamba, kusiya mpata wa dzanja limodzi kuzungulira tsinde kuti chiswe ndi chinyezi zisafike pamtima. Mukaona masamba a pakati, osati a kunja, akuchita chikasu, ndipo mukakoka mutu wonse ukuzuka uli wofewa ndi wonunkha, dziwani kuti madzi achuluka. Kumbani, dulani powola mpaka mufike poyera, muumike bala tsiku limodzi pamthunzi, n'kubzala pamalo okwera.

Tizilombo si tambiri. Nkhono ndizo zimakonda kugona m'makwawa a masamba masana, usiku n'kumatuluka kukadya mbewu zina zanthete za pafupi. Muzitole ndi manja m'mawa kapena madzulo mvula ikagwa. Kodikodi, kachilombo koyera ngati thonje kaja, amabisala patsinde pa masamba a mapata opanikizana, ndipo kugawa ndi kuchotsa masamba akufa kumamuchepetsa. Choopsa kwambiri ndi mbozi yoboola. Abale athu ambiri amene amasamalira mabwalo a nyumba ku Johannesburg ndi Pretoria amaidziwa bwino: gulugufe wa usiku wotchedwa Neuranethes spodopterodes amaikira mazira pa chomera, mbozi zake n'kuboola mutu wa duwa ndi phesi, kutsika mpaka kukadya tsinde la pansi. Mukaona phesi likufota popanda chifukwa, kapena kabowo kotuluka zinyalala zonyowa, lidule pansi penipeni nthawi yomweyo ngakhale lili lobiriwira, muling'ambe kuti muone, ndipo muliwotche. Musaliponye pa kompositi.

Kwa amene akuwerenga ali ku Britain, miyezi yonse imene ndatchulayi itembenuzeni, chifukwa kumeneko agapanthus amachita maluwa mu Julaye ndi Ogasiti. Mdani wamkulu ndi chisanu. Mitundu yogwetsa masamba ndiyo imapirira panja, monga ya Headbourne imene Lewis Palmer anaibereketsa ku Hampshire, pomwe yobiriwira chaka chonse imafuna kufunditsidwa kapena kulowetsedwa pamalo osazizira kwambiri. Kuyambira 2014 kunapezekanso kantchentche kakang'ono kamene mphutsi zake zimadya timaluwa tisanamasule, n'kutisiya topindika ndi tofiirira. Mutu wotero umadulidwa n'kutayidwa m'thumba lomanga.

Zidutswa zina mungazibzale m'miphika ya pakhonde. Mphika ukhale wa mabowo pansi, wokulirapo pang'ono chabe kuposa mizu, ndipo dziwani kuti wa m'mphika amadalira inu pa madzi ndi chakudya chonse. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mizu imadzaza mpaka kutha kuswa mphika wadothi, ndiye musadikire kuti ifike pamenepo. Ngati mukufuna kuyesa njere, siyani mitu iwiri yokha ikhwime. Makoko akachita khofi n'kuyamba kung'ambika, mudzapeza njere zakuda, zopyapyala, za kaphiko. Zifeseni zikadali zatsopano m'dothi losakaniza ndi mchenga, mokwirira pang'ono. Zimamera pakatha milungu 6 mpaka 8, koma duwa loyamba limabwera chaka chachitatu kapena chachinayi, ndipo mtundu wake mudzaudziwa tsiku lomwe lidzamasule.

Pa mzere wanu, mapesi anayi ajawo muwadule sabata ino ngati ayamba makoko, muthire feteleza wa potashi, ndipo yureya abwerere kumunda. Kumapeto kwa Febuluwale mugawe theka la mapata. Kuyambira pamenepo mpaka Okutobala chitsulo chisayandikire, manja okha pochotsa masamba akufa. Mapata amene simunawagawe ayenera kuchita bwinoko Disembala akubwerayu, pakuti adzakhala atakhala chaka chathunthu ndi masamba awo, ngakhale sadzafika pa mmene ankachitira kale mpaka nawonso atagawidwa. Ogawidwawo muwapatse chaka china.

Chakumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, muwaitane bambo aja mukagwade nawo pa mzerewo. Kankhani masamba a pakati pa mutu umodzi waukulu, muyang'ane pansi penipeni. Mukaona kansonga kobiriwira motuwa, kosongoka ngati mkondo, konenepa kusiyana ndi tsamba latsopano, limenelo ndi duwa, likadali m'chikopa chake. Pakatha milungu ingapo lidzakwera pamwamba pa masamba, chikopacho chidzang'ambika mbali imodzi, timitu ta buluu n'kusuzumira. Muwaonetse bambowo, muwerenge limodzi kuti pa mzere wonse mwapeza tingati.